Makiyi anali m'thumba mwanga: lipoti la mzere wa odwala pa chipatala china chakumudzi

Lipotili ndalembera anzanga amene akuyang'anira zipatala zing'onozing'ono za boma. Dzina la chipatala sinditchula, ngakhalenso la wogwira ntchito aliyense, popeza ambiri a iwo akadali pomwepo.

Mmene zinalili

Chipatala chathu chili m'boma lina la m'chigawo chakumwera. Kukafika ku chipatala chachikulu cha boma ndi maola awiri pagalimoto m'chilimwe. M'dzinja palibe amene angakulonjezeni nthawi. Ine ndine medical assistant, amene anthu amangoti adokotala, ndipo ndinali wamkulu wa pamalopo. Tinali ndi anamwino azamba awiri, kalaliki mmodzi, maatendanti awiri, woyeza magazi a HIV mmodzi, alonda awiri, bambo mmodzi wosamalira panja, ndi alangizi a zaumoyo amene ambiri amakhala m'midzi yawo n'kumabwera mosinthana. Wa famase tinalibe.

Nkhaniyi ndi ya dzinja la 2024. Tinali titangotuluka m'zaka ziwiri zowawa: kolera yomwe inayamba ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira dziko lonse, kenako namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Anthu anali otopa, ndipo ine kutopako ndinkakutenga ngati yankho la funso lililonse. Mzere ukatalika, ndinkati tatopa. Lipoti likachedwa, ndinkati ndife ochepa. Sikuti linali bodza, koma linali yankho losavuta kwambiri.

Odwala ankayamba kufika 5 koloko m'mawa. Aliyense ankaika buku lake lakuchipatala pansi pakhomo, n'kulitsamiza ndi mwala kuti lisauluke, ndipo mzere wa mabukuwo ndiwo unali lamulo. Papepala timatsegula 7:30. Zoona zake n'zakuti wodwala woyamba ankalowa m'chipinda changa cha m'ma 9 koloko, ndipo womaliza ankatuluka dzuwa litapendeka, nthawi zina kutada.

Chomwe chinatidzutsa

Lolemba lina mu Januwale, mayi wina anabwera pa kabaza ndi mwana wa zaka ziwiri. Mwanayo anali atatentha thupi masiku awiri ndipo anali atasiya kudya. Mayiyo anafika mochedwa, motero buku lake linali kumapeto. Sanadandaule kwa aliyense. Anakhala pabenchi, mwana ali kumsana atamufunditsa nsalu ziwiri.

Cha m'ma 11 koloko mwanayo anayamba kuphupha. Amene anaona si namwino kapena ine, koma bambo wosamalira panja uja, akudutsa ndi ndowa. Anamunyamula n'kuthamangira naye kwa namwino. Magazi anaonetsa malungo. Namwino ankadziwa chochita, koma jakisoni wa artesunate, wa malungo aakulu, anali m'sitolo ya mankhwala, sitolo inali yokhoma, makiyi anali m'thumba mwanga, ndipo ine ndinali kuseri kwa thanki yamadzi komwe netiweki imagwira, ndikufotokozera ofesi ya zaumoyo ya boma lathu, ya DHO, chifukwa chomwe lipoti la Disembala linali lisanafike. Anandifunafuna kwa mphindi zingapo zomwe mpaka lero sindikonda kuziwerenga.

Mwanayo analandira jakisoni, tinamutumiza ku boma madzulo ambulansi itapeza mafuta, ndipo anachira. Koma pa msonkhano wa komiti ya chipatala sabata yomweyo, amfumu ena anandifunsa mwaulemu ndithu: "Adokotala, mwana uja akanatisiya pabenchi paja, mukanatiuza kuti chiyani?" Ndinalibe yankho.

Mankhwala oyamba amene sanagwire

Ndikufuna ndikhalitse apa chifukwa ndikudziwa kuti ambiri a inu mukanachita zomwe ndinachitazi. Ndinaitanitsa msonkhano, ndinakalipa, ndinakamba za kuchedwa ndi mafoni. Usiku womwewo ndinalemba rosita ndekha, m'mawa n'kuimata pakhoma. Ndinagula buku losainira ndipo 7:30 ikakwana ndinkajambula mzere wofiira pansi pa dzina lomaliza.

Anthu anayambadi kufika nthawi yake. Koma wodwala woyamba ankalowabe cha m'ma 9. Patatha sabata ziwiri, namwino wamkulu, mayi amene anayamba ntchito ine ndili ku pulayimale, anandiimitsa pakhonde n'kunena motsitsa mawu: "Adokotala, kusaina tasaina. Nanga tiyambe ndi chiyani poti kabati ndi yokhoma?"

Ndinakwiya tsiku lonse. Madzulo ake ndinazindikira kuti buku losainira lija linkayeza chinthu cholakwika. Linkandiuza nthawi yomwe munthu wafika, osati chomwe chikumuletsa kuyamba ntchito.

Zomwe tinapeza

Tinagwirizana ndi kalaliki kuti kwa masiku atatu titsate odwala m'malo motsata ogwira ntchito. Anadula timapepala, n'kumapatsa ena mwa odwala pageti atalembapo nthawi yofika. Pakhomo lililonse wogwira ntchito ankalembapo nthawi yolowa ndi yotuluka. Ine ndinadzipatsa ntchito ina: ndinang'amba chikatoni cha LA, mankhwala a malungo aja, n'kuchiika patebulo, ndipo wina aliyense akagogoda pakhomo panga ndili ndi wodwala, ndinkalemba kamzere ndi chomwe akufuna.

Timapepala tija tinaonetsa kuti munthu wotentha thupi ankaima pamzere kasanu. Poyamba polembetsa, kenako pakhomo panga kuti ndimulembere kukayezetsa malungo, kenako poyezera, kenako pakhomo panganso kuti ndione zotsatira, ndipo pomaliza pawindo la mankhwala. Atendanti wa pawindo akatumidwa kwina, mankhwalawo ndinkaperekanso ndine. Nthawi yomwe wodwala ankakhala maso ndi maso ndi wogwira ntchito inali yochepa kwambiri. Kachipangizo koyezera malungo kamafuna mphindi 15 kapena 20 zokha. Maola ena onsewo anali a pabenchi, ndipo ambiri a iwo anali a pakhomo panga.

Chikatoni chija chinadzaza isanakwane 12 koloko. Makiyi a sitolo. Makiyi a furiji. Siginecha pa fomu ya mafuta a njinga yamoto. Mlangizi wofuna mankhwala a ku kiliniki yake yakumudzi. Atendanti wofunsa ngati angatsegule katoni yatsopano ya magolovesi. Mlonda wopempha kupita ku maliro. Palibe chimodzi mwa zimenezi chomwe chinkafuna maphunziro anga a zachipatala. Zonse zinkafuna ine chifukwa ndinazikonza ndekha kuti zizifuna ine. Ndipo pamisonkhano ndine amene ndinkakonda kunena kuti mutu umodzi susenza denga, makiyi onse akulira m'thumba mwanga.

Chifukwa chake sichinali kudzikonda kokha. Ndinali nditaonapo mnzanga wina, pa chipatala china, akuimitsidwa ntchito mankhwala atasowa m'sitolo yomwe makiyi ake ankayendayenda. Kuyambira pamenepo ndinkaona kuti kiyi wosachoka m'thumba ndiye chitetezo changa. Chitetezocho chinali changadi, koma amene ankachilipira anali odwala.

Tinapezanso zina ziwiri zosachita kufuna timapepala. Lolemba linali ndi zonse: kiliniki ya ma ARV, sikelo ya ana, odwala odikira kuyambira Loweruka, komanso ndi tsiku la msika. Lachinayi ndi Lachisanu masana pachipatala pankangoyenda nkhuku. Ndipo kumayambiriro kwa mwezi uliwonse ine ndi kalaliki tinkadzitsekera masiku awiri kapena atatu kuwerengera makaundula kuti malipoti apite ku boma kukalowa mu DHIS2, dongosolo la pakompyuta losungira malipoti a zaumoyo, odwala akudikira panja.

Chachitatu anandiuza ndi mlangizi wina wachinyamata, osati pamsonkhano koma tikukankha njinga yamoto m'matope. Anati anthu sadzipereka pa ntchito yoonjezera chifukwa akudziwa kuti wekishopu ikabwera opita ndi omwewo. Amene ankasankha opita ndinali ine, ndipo dzina langa silinkasowa kawirikawiri. Nkhani ya alawansi timaichita manyazi kuikamba poyera, koma pachipatala chakumudzi imalowa m'chilichonse, mpaka pa amene akolope pansi.

Zomwe tinasankha ndi zifukwa zake

Ulendo uno sindinalembe kanthu ndekha. Tinakhala pansi Lachisanu masana, timapepala ndi chikatoni chija zili patebulo. Ndinayamba ndi chikatonicho dala. Ndinkafuna kuti aone kuti mlandu woyamba ndi wanga, apo ayi aliyense akanangodziteteza.

Choyamba chinali kusankha odwalitsitsa pakhomo. Njira imeneyi si yachilendo kuno. Ndondomeko ya ETAT, yomwe bungwe la WHO limalimbikitsa m'maiko ambiri, inakulira ku chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, komwe Pulofesa Elizabeth Molyneux ndi anzake anaonetsa kuti kuzindikira msanga mwana wodwalitsitsa pamzere kumachepetsa imfa za ana. Ambiri tinaiphunzira. Funso linali lakuti achite ndani. Ndinaganiza za namwino, koma namwino wamkulu anakana ndi chifukwa chomveka: alipo awiri, mmodzi amakhala atagona ku matenite, winayo ali ndi sikelo ya amayi oyembekezera. Ntchito yoikidwa pa munthu amene ali kale ndi zitatu imafa sabata yoyamba. Tinaipereka kwa maatendanti, mothandizana ndi mlangizi wa tsikulo. 7 koloko amayenda pamzere wonse, kuvundukula mwana aliyense ali kumsana, kuona ngati akupuma movutikira, ngati wakomoka kapena akuphupha, ngati wafooka osatha kuyamwa, ngati manja ayera, ngati maso alowa. Amabwerezanso pakatha ola lililonse, chifukwa mwana uja sanafike akuphupha. Alonda ndi bambo wosamalira panja tinawaphunzitsanso zizindikiro zomwezo, ndipo tinawauza kuti akaona chimodzi asagogode, angolowa.

Apa panali nkhondo yake. Munthu amene wadzuka 4 koloko n'kuika buku lake patsogolo samva bwino akaona wofika 8 koloko akulowa. Sabata yoyamba atendanti wina anatukwanidwa kuti walandira kenakake. Ife tikanafotokoza sizikanamveka. Tinapempha wapampando wa komiti ya chipatala ndi amfumu aja kuti abwere m'mawa kwa masiku angapo adzalankhule okha, ndipo amfumuwo anangokamba nkhani ya mwana wa pabenchi uja. Phokoso linachepa, ngakhale silinathe.

Chachiwiri chinali chapafupi moti ndinachita manyazi. Wotentha thupi aziyamba wayezedwa malungo asanaonane nane, kuti azilowa kamodzi zotsatira zili m'buku. Alangizi amayeza kale malungo ku makiliniki awo akumudzi, ndiye luso linalipo. Nkhawa yanga inali yakuti zipangizo zitha msanga, popeza aliyense amafuna kubayidwa chala. Tinaika malire: woyezedwa ndi amene watentha thupi kapena wanena kuti wakhala akutentha, ndipo mwana wa zizindikiro zoopsa sadikira kuyezedwa pamzere.

Pa makiyi ndi pomwe ndinavutika. Tinagawa mankhwala patatu. Tinakonza bokosi la mankhwala a mwadzidzidzi, losakhoma, lomangidwa ndi pulasitala wosainidwa, lokhala m'chipinda chobayira; amene wadula pulasitalayo amalemba chomwe watenga ndipo namwino amadzazanso tsiku lomwelo. Tinakonza kabati ya mankhwala a tsiku limodzi, yodzazidwa 3 koloko masana a dzulo lake, anthu awiri akusaina pa sitoko khadi, kiyi wake n'kukhala ndi atendanti wa pawindo. Sitolo yaikulu inakhala ndi makiyi awiri, wina kwa ine, wina kwa namwino wamkulu, ndipo imatsegulidwa kamodzi patsiku. Lachisanu lililonse timawerenga mankhwala ochepa amene amayenda kwambiri, monga LA ndi amoxicillin, pamaso pa membala wa komiti. Maganizo anga anali akuti chomwe chingandiyikire kumbuyo tsiku la mlandu ndi khadi yolembedwa bwino ndi mboni, osati kiyi.

Kiliniki ya ma ARV tinaisamutsira Lachitatu, ndipo tinayamba kutsatira mokwanira zomwe unduna unaloleza kale, zopereka mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi kwa amene ali bwino. Anzanga musayembekezere kuona phindu la izi mwezi womwewo. Masiku obwerera anali atalembedwa kale m'mabuku a anthu, ndiye Lolemba linapepuka pang'onopang'ono, pafupifupi miyezi itatu.

Msonkhano wa m'mawa, womwe unkatha ola lathunthu, tinaudula kukhala wa mphindi khumi, choimirira. Pemphero tinalisunga, koma lalifupi. Makaundula tinati aziwerengeredwa Lachisanu lililonse ndi mwini kaundulayo, kuti pakutha pa mwezi kalaliki azingophatikiza. Mndandanda wa mawekishopu unapita pakhoma, maina onse motsatana, langa lili m'munsi. Ikabwera yofuna anthu a ntchito inayake, amapita wotsatira mwa a ntchitoyo.

Pali maganizo amodzi amene ndinawakana ngakhale ambiri anawakonda: kupereka manambala m'mawa n'kubweza otsala kuti abwere mawa. Mzere ukanafupikadi. Koma wofika mochedwa nthawi zambiri ndi wochokera kutali, kapena amene anayamba wasakasaka ndalama ya kabaza, ndipo mayi wa mwana uja akanakhala m'gulu lobwezedwalo.

Zotsatira

Pofika mu Malichi, malungo ali pachimake, wodwala woyamba ankalowa isanakwane 8 koloko ndipo mabenchi ankakhala opanda anthu cha m'ma 2 koloko masana, kupatula Lolemba. Ogwira ntchito sanaonjezeke ngakhale mmodzi. Ana angapo anatulutsidwa pamzere ndi maatendanti, mmodzi ndi mlonda usiku. Ena mwa otulutsidwawo sanali odwalitsitsa, ndipo ndinadziletsa kudzudzula. Atendanti amene wachititsidwa manyazi kamodzi chifukwa chothamangitsa mwana wosadwala kwambiri sadzathamangitsanso wina.

Mu Epulo zinthu zinafika pomwe ndinkaopa. Powerenga Lachisanu, LA wa ana anapezeka wochepa poyerekeza ndi khadi. Dzanja langa linapita lokha m'thumba. Usiku umenewo ndinali nditatsimikiza kuti Lolemba ndilanda makiyi onse. Chomwe chinandibweza n'chakuti kusiyanako kunali kwa sabata imodzi yokha, ndiye kunali kotheka kukutsata. Kale ndikanakuona patatha miyezi, osadziwa poyambira. Tinakhala ndi namwino wamkulu Loweruka m'mawa, makaundula ali mbwee patebulo. Gawo lalikulu linapezeka: alangizi awiri anatengera mankhwala a ku makiliniki akumudzi m'kabati ya tsiku m'malo mwa sitolo, ndipo atendanti sanalembe chifukwa panalibe mzere wake pa khadi. Mapaketi ochepa sanapezeke konse. Ndinalemba zimenezi mu lipoti monga zinalili, ndinauza komiti, ndipo tinaika tsiku limodzi pasabata loti alangizi azitengera mankhwala awo ku sitolo. Makiyi sindinalande. Ndikanalanda, ndikanauza anthu khumi ndi angapo kuti ndi akuba chifukwa cha khadi yomwe ndinaijambula ndine.

Mu Juni namwino wachiwiri anasamutsidwa ndipo wolowa m'malo sanabwere. Apa ndi pomwe zinaoneka zolimba ndi zofooka. Kusankha odwala pakhomo kunapitirira, chifukwa kunali m'manja mwa maatendanti. Kabati ya tsiku inapitirira. Kuwerengera makaundula Lachisanu kunagwa mkati mwa mwezi umodzi, chifukwa makaundula ambiri anali a anamwino, ndipo mayi amene wagona ku matenite masiku atatu otsatana simungamuuze za kuphatikiza manambala. Tinabwerera ku kudzitsekera kumayambiriro kwa mwezi, ngakhale tsopano ndi tsiku limodzi ndipo timayamba masana. Ndikanati ndiyambirenso, ntchito imeneyi ndikanaiika pa kalaliki ndi mlangizi wamkulu kuyambira pachiyambi. Ndinalakwitsa ndendende pomwe namwino wamkulu anandichenjeza pa nkhani ina ija.

Mndandanda wa mawekishopu ndinauphwanya ndekha kamodzi, kalata itabwera ndi dzina langa lolembedwa kale. Ndinapita. Nditabwerako palibe amene ananena kanthu, koma Lachisanu lotsatira anthu atatu okha ndi amene anabwera kudzawerenga mankhwala. Ulendo wotsatira kalata yotero itabwera ndinaimbira ku boma kupempha kuti dzina lisinthidwe, ndipo anavomera mosavuta, zomwe zinandionetsa kuti ulendo woyamba ndinangosafuna kufunsa.

Mu Ogasiti ndinapita ku maliro kwathu masiku anayi. Foni ya kuntchito inalira kawiri: koyamba namwino wamkulu akufunsa za wodwala wina wa BP, kachiwiri kalaliki akufuna pasiwedi ya kompyuta, yomwe ndinali ndisanauzepo aliyense. Ndinamuuza ndili pamanda.

Chomwe chatsala patebulo panga ndi ichi. Atendanti amene amayenda pamzere 7 koloko uja, mayi amene watulutsa ana ambiri kuposa wina aliyense, anabwera mu ofesi mwezi watha, anakhala pampando n'kupinda manja. "Bwana, ntchito ya pakhomo ija ndaikonda. Koma pa pepala la malipiro ndikadali wokolopa." Ndinamulembera kalata yomuyikira kumbuyo kuti aganiziridwe pa maphunziro, ndinaipereka ndekha ku boma, ndipo kopi yake ili mu fayilo. Yankho silinabwere. Dzulo 7 koloko anali pamzere, akuvundukula ana.